Mphika wa maluwa ukamapendekeka pa chopachikira cha macrame

Pa mavuto onse amene anthu oluka zopachikira maluwa za macrame (luso loluka zinthu pomanga mfundo pa zingwe) amakumana nawo, limene limabwera mobwerezabwereza ndi la kupendekeka kwa mphika. Munthu amaluka mosamala, mfundo zake zimaoneka zaudongo chopachikiracho chili chigonere patebulo, koma akangoikamo mphika n'kuchikoloweka pa ngowe, mphikawo umaweramira mbali imodzi, madzi othirira amasonkhana kumbali yotsikayo, ndipo nthawi zina dothi limatayikira pansi. Ambiri amathamangira kuwongola mphika ndi dzanja kapena kukungitsa mfundo yapansi, koma m'mawa mwake amaupeza utabwerera mmene unalili, chifukwa chimene chikuupendeketsa sichinakhudzidwe n'komwe. Kawirikawiri gwero la vutoli ndi kusiyana kwa kutalika kwa zingwe, ndipo kusiyanako kumaonekera bwino pokhapokha chopachikira chikasenza katundu, choncho kufufuza konse kuyenera kuchitika mphika uli momwemo, ukulendewera.

Kuti timvane pa mayina, chopachikira chofala chimapangidwa ndi zingwe 8 zazitali zimene zimapindidwa pakati n'kukolekedwa pa mphete, motero zimakhala zingwe 16 zolendewera, zomwe zimagawidwa m'magulu anayi a zingwe zinayizinayi. Gulu lililonse tizilitcha mkono. Ena amayamba ndi zingwe 6, zimene zimapereka mikono itatu. Pansi pa mikono pamabwera ukonde umene umafungatira mphika, kenako mfundo yaikulu yosonkhanitsa zingwe zonse kunsi kwa mphika, ndipo chotsiriza ndi mphonje yolendewera.

Yambani mwadziwa ngati vuto lili mu mphika kapena m'zingwe

Musanamasule mfundo ngakhale imodzi, ikani chizindikiro pa mphika, kumbali imene yatsika, kenako nyamulani mphikawo pang'ono ndi kuuzunguliza mkati mwa ukonde mpaka chizindikirocho chiyang'ane mbali inayo. Ngati mbali yokhala ndi chizindikiro ija ndi imene yatsikanso, zingwe zanu zilibe mlandu: chomera chakulira mbali imodzi potsata kuwala, kapena chinabzalidwa chakumphepete, kapena dothi linaunjikana mbali imodzi. Zikatero, mankhwala ake ndi kuzunguliza mphika nthawi ndi nthawi kuti chomera chizikula mofanana, kudulira nthambi zolemera, kapena kubzalanso chomeracho pakati. Koma ngati mphika watsikirabe ku mkono womwe uja ngakhale mwauzunguliza, vuto lili m'chopachikira, ndipo mkono umene mphika ukutsikirako ndi umene uli wautali kuposa inzake.

Kuyesa kumeneku sikutenga ngakhale mphindi imodzi, koma kwapulumutsa zopachikira zambiri zimene zikanamasulidwa popanda chifukwa.

Mikono yosiyana kutalika

Tengani tepi yoyezera ndipo muyeze mkono uliwonse kuchokera pansi pa mphete kufika pa mfundo yoyamba ya ukonde, mphika uli mkati. Kuyeza chopachikira chili patebulo kumanamiza, chifukwa chingwe cha thonje chimatamuka chikalemedwa, ndipo mfundo zomangidwa molekerera zimatamuka kwambiri kuposa zomangidwa mokungika. Pa mphika wa masentimita 16 m'mimba mwake, kusiyana kwa sentimita imodzi yokha pakati pa mikono yoyang'anizana kumaoneka kale ndi maso.

Kusiyanaku kumayambira m'malo angapo, ndipo malo oyamba ndi pamphete penipeni. Ngati zingwe zinangoponyedwa pa mphete popanda kuzimanga zolimba, zimatha kutsetsereka pamene mukuluka, chingwe china n'kutalika mbali ino ndi kufupika mbali inayo. Kokani chingwe chimodzi cha mkono wautaliwo chapamwamba, pafupi ndi mphete, ndipo ngati chingwe china cha mkono wina chikusuntha, mwapeza chifukwa. Mfundo yokulunga imene ili pansi pa mphete, yomwe ndi kachingwe kokulungidwa mozungulira zingwe zonse pamodzi, iyenera kumangidwanso mwamphamvu, zingwe zonse zitalinganizidwa kaye.

Malo achiwiri ndi dzanja la woluka. Munthu amayamba mkono woyamba ali ndi mphamvu ndi chidwi, n'kumakungitsa mfundo iliyonse, koma pofika mkono wachinayi zala zimakhala zitatopa ndipo mfundo zimatuluka zotayana. Akawerenga, mikono yonse ili ndi mfundo 12, koma akayeza, wina ndi wa masentimita 14 pamene wina ndi wa 16. N'chifukwa chake kuwerenga mfundo kokha sikukwanira: werengani, komanso yezani. Ine ndimaona kuti njira yodalirika ndi kuluka mikono yonse pang'onopang'ono mosinthanasinthana, mfundo zitatu apa, zitatu apo, m'malo momaliza mkono umodzi wonse musanakhudze unzake, chifukwa kutopa kwa dzanja kumagawidwa mofanana pa mikono yonse. Kulukira chopachikira chikulendewera pa ngowe kapena pa chitseko kumathandizanso kwambiri, popeza mumaona mfundo za mikono yonse zili mzere umodzi.

Malo achitatu, amene ambiri samawaganizira, ndi zigawo zopanda mfundo. Pakati pa gulu lina la mfundo ndi linzake pamakhala mpata umene zingwe zinayi zimangotsika zowongoka. Zingwe zinayizo ziyenera kukungika mofanana. Ngati chimodzi chili lende pamene zinazo zakungika, chimenecho sichikunyamula kalikonse, ndipo katundu wake wagwera zinzake, zomwe zidzatamuka msanga. Zigwedezeni ndi chala chimodzichimodzi mphika uli mkati, ndipo cholekerera chidzadziulula chokha.

Pokonza, nthawi zambiri simufunika kumasula mkono wonse. Mu mzere wa mfundo za square knot, zomwe ndi mfundo zafulati zomangidwa ndi zingwe zinayi, zingwe ziwiri zapakati sizimangidwa, zimangodutsa mkati mwa mfundo zimene zingwe ziwiri za m'mbali zimapanga, choncho mungathe kugwira zingwe zapakatizo ndi dzanja limodzi n'kukankha mfundo zonse chokweza kapena chotsitsa ndi dzanja linalo. Pamene kusiyana kuli kwakukulu, masulani mfundo ya ukonde imene ili pansi pa mkono wautaliwo, muimangenso pa msinkhu wofanana ndi inzake. Pomasula gwiritsani ntchito chinthu chosasongoka kwambiri, monga singano yaikulu yolukira, chifukwa nsonga ya sizasi imadula timaulusi ta chingwe n'kusiya malo ofooka amene sadzaonekera mpaka tsiku lodukalo.

Pali kanthu kena kokhudza kuchuluka kwa mikono. Chopachikira cha mikono itatu chimafanana ndi mpando wa miyendo itatu, umene sugwedera: mikono yonse itatu imanyamula katundu ngakhale itasiyana pang'ono. Cha mikono inayi chimaoneka chodzaza bwino, koma chimafuna kuyeza kolondola, chifukwa mkono umodzi ukatalika, itatu inayo imanyamula yokha ndipo wachinayiwo umangolendewera. Kwa munthu amene vutoli lamutopetsa, kubwerera ku mikono itatu si manyazi.

Mfundo zikamapotana pamene simunafune

Nthawi zina mkono umafupika chifukwa mfundo zina zinamangidwa molakwika. Square knot imapangidwa ndi magawo awiri otsutsana. M'gawo loyamba chingwe chakumanzere chimadutsa pamwamba pa zingwe ziwiri zapakati n'kulowa kunsi kwa chakumanja, pamene chakumanjacho chimadutsa kumbuyo kwa zapakati n'kutulukira m'diso limene latsala kumanzere. M'gawo lachiwiri zimatembenuka, kuyambira kumanja. Mukabwereza kuyambira mbali imodzimodzi, mzere wonse umayamba kupota, ndipo mumapeza mfundo zozungulira zija zimene zimakhala zokongola zikakhala kuti munazifuna. Vuto limabwera munthu akasokonezeka pakati pa mzere n'kubwereza mbali imodzi kawiri: mkono umakhota pamalo amenewo ndipo sugonanso chafulati pa mphika.

Njira yosavuta yopewera zimenezi ndi kumata katepi kumapeto kwa chingwe chimene mwayambira. Mu square knot yolondola, chingwe chomwecho ndi chimene chimadutsa kutsogolo kwa zapakati nthawi zonse, kaya chili kumanzere kaya kumanja. Mukaona kuti chopanda tepi ndi chimene chadutsa kutsogolo, bwererani gawo limodzi.

Pa mfundo zozungulira zimene mwazifuna dala, musalimbane nazo pofuna kuti zikhale zowongoka. Pambuyo pa magawo ochepa mzere umayamba kutembenuka wokha, ndipo muyenera kuulola kutembenuka, n'kupitiriza kuyambira mbali yomweyo ya dzanja lanu. Onetsetsani kuti mikono yonse ikupotera mbali imodzi komanso ili ndi magawo ofanana kuchuluka, chifukwa mkono umodzi ukasiyira pakati pa kutembenuka, zingwe zake zimalowa mu ukonde zitapingasana.

Ukonde wosagwirizana ndi mphika

Apa ndi pamene zopachikira zambiri zimalephera, ndipo chifukwa chake n'chakuti ukonde umalukidwa motsatira miyeso imene inakonzedwera mphika wina. Ukonde umapangidwa potenga zingwe ziwiri za mkono wina ndi ziwiri za mkono woyandikana nawo, n'kuzimanga pamodzi, kenako kubwerezanso m'munsi mwake mosinthanitsa. Choyamba onani ngati zingwe zimene munaphatikiza ndi za mikono yoyandikanadi. Munthu wolukira patebulo amaiwala kuti chopachikira ndi chozungulira, ndipo zingwe ziwiri zotsala kumapeto kwa kumanzere ziyenera kukumana ndi ziwiri zotsala kumapeto kwa kumanja. Zikaphatikizidwa zitadutsana ndi mkono wina, mphika umalowa mokakamiza ndipo sudzakhala mowongoka ngakhale muyeze chotani. Palibe njira yachidule pamenepa, ukondewo uyenera kumasulidwa.

Kenako pali nkhani ya mipata. Mphika wa masentimita 16 m'mimba mwake umakhala ndi masentimita pafupifupi 50 kuzungulira kwake, popeza kuzungulira kumapezeka pochulukitsa m'mimba ndi 3.14. Mikono inayi ikagawana masentimita 50 amenewa, pakati pa mkono ndi unzake pamakhala masentimita 12.5, ndipo chingwe chochoka pa mkono kupita pa mfundo yapakati chiyenera kuyenda theka la mtunda umenewu chopingasa, kutanthauza masentimita oposa 6, chisanayambe n'komwe kutsika. Choncho mukasiya mpata wa masentimita 5 okha, mphika sungalowe mpaka pansi, umatsakamira m'mwamba n'kumagwedera. Mukasiya mpata waukulu kwambiri, maso a ukonde amakula moti m'munsi mwa mphika mumasuzumira pa diso limodzi, mphika n'kupendekera komweko. Pa mphika wotere, mpata wa masentimita 8 kapena 10 ndi poyambira pabwino, koma muyeso weniweni umapezeka poika mphika weniweniwo mkati musanakungitse mfundo.

Msinkhu wa ukonde pa thupi la mphika nawonso ndi wofunika. Mfundo zapamwamba za ukonde ziyenera kukhala pafupi ndi mlomo wa mphika. Zikakhala m'munsi kwambiri, mphika umangokhala ngati waikidwa pa mbale, ndipo chomera chachitali chimaugwetsera mbali mosavuta, makamaka mphika ukakhala wapulasitiki wopepuka. Mungakweze ukonde potsitsa mfundo yaikulu yapansi, kuti mphika ulowe mozama. Miphika yopapatiza kunsi ndi yotambalala kumwamba imakhala bwino mu ukonde kuposa yowongoka ngati chitini, ndipo yowongokayo nthawi zambiri imafuna mzere wina wowonjezera wa mfundo pafupi ndi m'mphepete mwa pansi pake.

Mfundo yapansi ikamatsetsereka

Ngati chopachikira chinali chowongoka tsiku loyamba koma chayamba kupendekeka pakapita masiku, kayikirani mfundo yapansi. Anthu ambiri amatsekera ndi mfundo yokulunga, imene amaitcha gathering knot: kachingwe kena kamapindidwa n'kugonekedwa pa mtolo wa zingwe, mbali yake yaitali imakulungidwa mozungulira mtolowo kangapo, nsonga imalowetsedwa m'diso lotsala, ndipo pokoka nsonga inayo disolo limalowa kunsi kwa zokulungazo. Mfundo imeneyi ndi yaudongo, koma imagwira ndi kufinya kokha. Ikakhala yolekerera, chingwe chimodzi kapena ziwiri zimasololoka pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera, ndipo mbali imeneyo ya ukonde imatalika. Umboni wake umaoneka pa mphonje: ngati munaidula mofanana koma tsopano zingwe zina zafupika, zimenezo ndi zimene zakwera.

Pomanganso, kulungani kasanu ndi katatu kapena kakhumi, mukukoka mwamphamvu ulendo uliwonse, ndipo zokulungazo zigundane popanda kukwerana. Pokoka diso, lekezani pamene lafika pakati pa zokulunga, chifukwa mukapitiriza limatulukira mbali inayo ndipo mfundo yonse imamasuka. Pa mphika wolemera, ine sindidalira mfundo yokulunga yokha. Ndi bwino kumanga zingwe zonse pamodzi mfundo imodzi yaikulu wamba, kapena kumanga square knot ziwiri kapena zitatu mozungulira mtolo wonse, kenako kuika yokulungayo monga chokongoletsa.

Chizolowezi chimodzi chimachotsa mbali yaikulu ya vuto lonseli: musamalize chopachikira tsiku limene mwachiluka. Mangani pansi ndi kachingwe kongoyembekezera, ikanimo mphika wodzaza ndi dothi lonyowa kapena chinthu cholemera mofanana nawo, ndipo muchisiye chikulendewera usiku wonse. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho mphika wongothiriridwa kumene umalemera kwambiri kuposa wouma umene ambiri amayesera. M'mawa zingwe zimakhala zitatamuka ndipo mfundo zimakhala zitakhazikika. Pamenepo linganizani zingwe chimodzichimodzi mpaka mlomo wa mphika ukhale wowongoka, kenako mangani mfundo yeniyeni, ndipo mphonje muidule pomalizira penipeni.

Chingwe chikatha ntchito isanathe

Vuto ili limayenda limodzi ndi la kupendekeka, chifukwa munthu akaona kuti zingwe zina zatsala pang'ono kutha amayamba kufupikitsa ukonde mbali imeneyo. Zingwe za m'mbali, zimene zimamanga mfundo, zimatha msanga kwambiri kuposa zapakati, ndipo chingwe chikakhala chonenepa mfundo iliyonse imadya chambiri. Oluka ambiri amayeza kuti chingwe cholendewera chikhale chotalika kanayi kuposa kutalika kwa chinthu chomalizidwa, kutanthauza kasanu ndi katatu chisanapindidwe pa mphete, ngakhale kuti chopachikira chokhala ndi mipata yambiri yopanda mfundo chimafuna chocheperapo. Chingwe chotsala mungachigwiritse ntchito pa mfundo zokulunga, pamene choperewera chimakusiyani pakati pa ntchito.

Pamene mwazindikira msanga, sinthanitsani maudindo pa mpata wotsatira wopanda mfundo: zapakati zazitali zituluke kunja kuti zizimanga, za m'mbali zazifupi zilowe pakati. Chitani zimenezi pa mikono yonse pamalo ofanana kuti zioneke ngati mapangidwe. Ngati chingwe chatheratu, gonekani chatsopano pambali pa zingwe zapakati, mangani mfundo zinayi kapena zisanu pamwamba pake kuti chigwidwe, kenako chitulutseni chiyambe kumanga ndipo chakale chilowe mkati chibisike momwemo. Musalumikize chingwe pa mpata wopanda mfundo kapena mu ukonde, chifukwa pamenepo cholumikiziracho chimasenza kulemera konse chokha.

Pamene cholakwa ndi chingwe, mphete kapena ngowe

Chingwe cha thonje cha mamilimita 3 mpaka 5 ndi chimene ambiri amagwiritsa ntchito pa zopachikira maluwa. Chopota kamodzi n'chofewa ndipo chimapereka mphonje yokongola chikapesedwa, koma chimatamuka ndi kuyoyoka mosavuta chikamasulidwa kangapo. Chopota mwa zingwe zitatu kapena cholukidwa chimasunga mawonekedwe ake bwino pansi pa katundu. Musasakanize mitundu iwiri m'chopachikira chimodzi, ngakhale ikufanana maonekedwe, chifukwa imatamuka mosiyana ndipo mphika udzapendekera ku mbali ya chingwe chofewacho. Cha nayiloni n'cholimba komanso sichiwola, koma n'choterera, motero mfundo zake zimafuna kukungitsa kwambiri, ndipo nsonga zake zimatsekedwa pozisungunula pang'ono ndi moto, zimene simungachite ndi thonje chifukwa limangopsa.

Madzi odontha pa bowo la mphika amagwera ndendende pa mfundo yapansi. Thonje ndi jute (ulusi wa zomera wolukira masaka) zikamanyowa kawirikawiri zimachita chuku n'kuyamba kuwola, ndipo kupendekeka kumene kwayamba patapita miyezi, pamodzi ndi madontho akuda pa zingwe, ndi chenjezo lakuti zingwe zina zafooka. Chopachikira chotere sichikonzedwa, chimasinthidwa. Popewa zimenezi, tulutsani mphika pothirira n'kuusiya udonthe kaye, kapena ikani kambale kunsi kwake mkati mwa ukonde, ndipo kambaleko kakhalemo kale pamene mukuyeza mipata.

Yang'ananinso kumwamba. Mphete zambiri zamatabwa zimapangidwira kukongoletsa ndipo zimatha kung'aluka motsatira mizere ya thabwa, pamene mphete yachitsulo yosawotcherera pa cholumikizira chake imayasamuka pang'onopang'ono, zingwe n'kusonkhana mbali imodzi. Pa mphika wolemera sankhani mphete yachitsulo yowotcherera, kapena lukani diso la zingwe zomwezo pomanga mfundo mozungulira pakati pake musanazipinde. Ngowe nayo iyenera kulowa m'thabwa la denga kapena m'konkire pogwiritsa ntchito chogwirira choyenera, chifukwa bolodi ya siling'i payokha imagumuka. Ngati pansi pa ngowe mukupeza kafumbi koyera, kapena ngoweyo ikugwedera mukaikhudza, tsitsani mphika nthawi yomweyo ndipo mupeze malo ena olimba musanaupachikenso.